Magazini ya zipolopolo 10 ndi mipikisano yowombera ku America: mutenge njira iti?

Ku America lamulo la magazini ya mfuti, kachida kolongamo zipolopolo, silofanana dziko lonse, steti iliyonse ili ndi zake, ndiye amene mukufuna kuyamba masewera owombera chandamale musanagule olo lamba yemwe yambani mwadziwa kaye kuti komwe mukukhalako magazini imaloledwa kulowa zipolopolo zingati. Kale linalipo lamulo la dziko lonse, kuyambira Sepitembala 1994 mpaka Sepitembala 2004, loletsa kupanga ndi kugulitsa magazini atsopano opitirira zipolopolo 10, koma linatha ndipo pano zangotsala m'manja mwa masteti. California, New York, New Jersey, Connecticut, Maryland, Massachusetts, Rhode Island ndi steti ya Washington anaima pa 10. Colorado ili pa 15 kuyambira Julayi 2013, Delaware ili pa 17, pomwe Illinois ndi Vermont anagawa pawiri, 15 pa pistol ndi 10 pa mfuti zazitali. Hawaii 10 yake imakhudza ma pistol. Ku Texas, Florida, Ohio, Pennsylvania ndi masteti ena ambiri kulibe malire alionse.

Kwa abale athu amene muli kumeneko pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, nkhani yanu imayambira kutali, lamulo la boma lalikulu limaletsa munthu wa viza yongokhala kwa kanthawi kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo pokhapokha atakhala m'gulu la ololedwa mwapadera, monga amene ali ndi laisensi yosakira nyama yomwe ikugwira ntchito. Wa green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, alibe vuto limenelo. Konzani zimenezo kaye, za magazini zibwere pambuyo.

Zomwe tikuyezera

Chinthu choyamba kumvetsa ndi mmene mapointi amawerengedwera, chifukwa mpamene magazini yaing'ono imapwetekera. Ku USPSA, bungwe lomwe limayendetsa mipikisano yothamanga uku ukuwombera, amatenga mapointi ako nkugawa ndi masekondi omwe watha. Mpikisano umagawidwa m'magawo otchedwa masiteji, ndipo siteji yaitali imafika zipolopolo 32. Amene ali mu Carry Optics, divishoni (gulu lopikisanamo) ya ma pistol okhala ndi kadontho kofiira kolozera, ndi magazini yaitali mamilimita 141 amanyamula zipolopolo zopitirira 20 za 9mm, ndiye amasintha magazini kamodzi basi watha. Wa 10 amayamba ndi 11, chimodzi chili kale m'kamwa mwa mfuti, kenako 10, kenako 10, zonse pamodzi 31, kutanthauza kuti kusintha katatu sikungalephereke ndipo nthawi zambiri kumakhala kanayi chifukwa palibe amene amafuna mfuti imuthere ali pakati pa matageti. Zili ngati kutunga madzi ndi kachigubu ka malita 5 mnzako ali ndi ndowa, mgolo udzadza ndithu koma maulendo ndiye achuluka.

Tiyerekeze mwapeza mapointi 150 pa masekondi 25, zikupereka 6.0. Mapointi omwewo pa masekondi 27 ndi 5.56. Masekondi awiri okhawo akudyerani pafupifupi 7 peresenti ya sitejiyo, ndipo pa mpikisano wa masiteji 10 kapena 12 zimenezo ndi zomwe zimasiyanitsa wa nambala 5 ndi wa nambala 25.

Koma pali mbali ina yomwe anthu odandaula pa intaneti amaiwala kutchula. Buku la malamulo la USPSA limanena kuti ngati steti ili ndi malire a magazini, malire omwewo amagwira aliyense amene ali pa mpikisanowo. Komanso opanga siteji saloledwa kukukakamiza kuwombera zipolopolo zopitirira 8 uli malo amodzi, ndiye ngati umasintha magazini uku ukuthamangira pamalo ena nthawi yotayika imachepa kwambiri. Mwachidule kwanu komweko lamuloli silikupwetekani kwenikweni poti nonse muli pa 10, limadzaluma tsiku lomwe mwadutsa malire kupita ku Pennsylvania kapena Nevada. Ndiye funso lenileni ndi lakuti mukufuna kumaseweretsa kuti mfuti yanuyo, pa kalabu yapafupi Loweruka lililonse kapena mukulota za mpikisano wa dziko lonse ku Talladega ku Alabama.

Njira zilipo zisanu, ndipo iliyonse tiiyeza pa zinayi: mtengo, kupezeka kwa zida ndi mipikisano, kusamalira, ndi zoopsa zake, makamaka za lamulo.

Njira 1: Kukhalabe mu divishoni yotchuka koma ndi magazini a 10 a ku fakitale

Apa tikunena madivishoni a USPSA a Carry Optics, Limited Optics kapena Production, komwe kuli anthu ambiri, koma inu mukugwiritsa ntchito magazini omwe kampani inapanga kale kuti azilowa 10.

Mtengo: iyi ndiye yotchipa poyambira. Magazini ya Glock ya 10 mtengo wake ndi umodzimodzi ndi ya 17, cha m'ma madola 25 mpaka 35, kungoti mufunika ambiri, asanu kapena asanu ndi imodzi pa lamba osati atatu, ndiye onjezerani timatumba ta pa lamba tomwe. Amene muli ndi pistol yampikisano ya mtundu wotchedwa 2011 mudzalira pang'ono chifukwa magazini imodzi imatha kupitirira madola 60 ndipo ena amadutsa 100.

Kupezeka: Glock, SIG Sauer, CZ, Smith & Wesson, Walther onse amapanga a 10 chifukwa California ndi New York ndi misika yaikulu, sangaisiye. Mfuti zosatchuka ndiye zimavuta. Ku California kulinso mndandanda wa ma pistol omwe shopu imaloledwa kugulitsa atsopano, ndipo mfuti zambiri zampikisano mulibe mmenemo, ndiye vuto limayambira pa mfuti yeniyeniyo magazini isanabwere nkomwe.

Kusamalira: magazini a 10 ambiri amakhala olimba pa chipolopolo chomaliza. Zisanu ndi zinayi zimalowa bwinobwino, chakhumi mumachita kukanikiza mpaka chala chachikulu chituwe, ndipo ikadzadza choncho mukaiponya mu mfuti yotseka imatha osakola bwino, mwawombera kamodzi magazini yagwa pamapazi anzanu akuonerera. Mankhwala ake ndi kuimenya mwamphamvu ndi chikhatho polowetsa, kugula kachida kothandiza kulonga, ndipo ena amangolongamo 9 m'magazini osinthira. Chinanso, poti mukugwetsa magazini anayi pa siteji iliyonse m'malo mwa imodzi, mchenga wolowa umachulukanso, ndiye kabulashi kazikhala m'chikwama, mukamaliza siteji chotsani chapansi, tulutsani sipuling'i, pukutani, bwezerani, mafuta ayi chifukwa amaitana fumbi.

Zoopsa: kulamulo ndi yoyera kuposa zonse zokhala ndi magazini. Chenjerani ndi zitsulo zapansi zija anthu amagula kuti magazini izilemera ndi kugwa msanga, zina zimawonjezera malo a zipolopolo ziwiri kapena zitatu ndipo magazini yanu ya 10 yasanduka ya 12 inu osadziwa. Kumpikisano, mukatuluka steti yanu mukupikisana ndi anthu a magazini a zipolopolo 22 mu divishoni imodzi. Production nayo yomwe kale inali pothawira anthu a 10 inakwezedwa kufika 15 mu 2024, zomwe zinakomera a ku Colorado ndi Illinois koma a ku New Jersey zinawasiya pamtetete.

Njira 2: Kusamukira ku divishoni yomwe malamulo ake ali kale pa 10 kapena kuchepera

Ine iyi ndi yomwe ndimaiona yanzeru kwa anthu ambiri ngakhale siyotchuka. Ku USPSA kuli Limited 10, kuli Single Stack ya ma pistol a mtundu wotchedwa 1911 komwe amalola 8 ngati zipolopolo zanu zili zamphamvu za major ndi 10 ngati zili minor, kulinso Revolver. Ku IDPA, bungwe lina lomwe masiteji ake amatengera zodziteteza, siteji siifuna zipolopolo zopitirira 18, ndipo madivishoni a ESP ndi Carry Optics ya kumeneko ali pa 10, CDP ya .45 ili pa 8. Divishoni ya SSP yokha ndi yomwe anaikweza kufika 15 mu 2022. GSSF, mipikisano ya eni ma Glock, nayonso imayendera 10. Ubwino wake ngwoti wa ku Texas ndi wa ku Connecticut mukakumana pa mpikisano umodzi mumayamba mofanana ndendende, palibe wokhala ndi ndowa.

Mtengo: ngati muli kale ndi pistol ya 9mm, IDPA siikuonjezerani kanthu kupatula jekete kapena shati yobisira mfuti ndi magazini atatu, nzotchipa kuposa njira yoyamba. Single Stack ifuna 1911 yabwino ndipo zipolopolo za .45 nzodula kuposa 9mm, mukamaphunzira sabata iliyonse kusiyanako mudzakumva m'thumba. Revolver ya zipolopolo 8 ngati Smith & Wesson 929 siyotchipa, imadutsa madola 1,000.

Kupezeka: zida zilipo, magazini a 1911 a Wilson Combat kapena Chip McCormick amagulitsidwa steti iliyonse popanda funso poti mwachibadwa sapitirira 10. Chomwe chimasowa ndi anthu opikisana nawo. Kadontho kofiira katabwera anthu anakhamukira ku Carry Optics ndi Limited Optics, ndiye pa kalabu yaing'ono mutha kupezeka mu Limited 10 kapena Revolver muli awiri, mwina nokha, mwawina inde koma mwawina ndani. IDPA ilibe vuto limeneli kwenikweni, madivishoni ake a 10 ndi omwe amadzadza.

Kusamalira: 1911 ndi mfuti yofuna chikondi, mafuta, masipuling'i osinthidwa nthawi yake, ndipo milomo ya magazini ake imatanuka akamagwa pa simenti. Revolver ilibe magazini koma ili ndi tizitsulo tozungulira togwira zipolopolo, ma moon clip, kamodzi kakapindika pang'ono silinda imakana kuzungulira.

Zoopsa: kulamulo pafupifupi palibe. Chokhacho nchoti mabungwewa amasintha malamulo awo, taona kale Production ndi SSP zakwezedwa, ndiye musanawononge ndalama pa mfuti ya divishoni imodzi tsegulani buku la malamulo la chaka chimenecho.

Njira 3: Magazini aakulu otsekedwa kuti azilowa 10

Amatenga magazini ya 17 kapena ya 30, nkuikamo chotchinga mkati kapena riveti m'mbali, nthawi zina nkumata chapansi ndi guluu wolimba.

Mtengo: magazini yeniyeniyo kuphatikiza madola ochepa a ntchito yotsekayo.

Kupezeka: mashopu a m'masteti okhala ndi malire a magazini amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo pa mfuti zomwe kampani siipanga a 10 iyi ndi njira yokhayo. Anthu a mfuti zazitali za AR-15 ndi PCC (zowombera zipolopolo za pistol) amaikonda chifukwa magazini yaitali imagwirika bwino posolola pa lamba kuposa kafupi kaja.

Kusamalira: apa mpamene pali minga. Magazini yomatidwa chapansi siitseguka, mchenga ukalowa mungoigwedeza ndi kupemerera basi, sipuling'i ikatopa magazini yonse yatha ntchito. Kwa munthu amene akugwetsa magazini pa dothi Loweruka lililonse zimenezi si zazing'ono.

Zoopsa: malamulo ambiri amafuna kuti kutsekako kukhale kwamuyaya, California ndi New Jersey amatero, New York imaletsa yomwe ingabwezeretsedwe mosavuta. Ndiye kachotchinga kongolowetsa komwe mwana angachotse ndi sikuludilaiva musakadalire. Riveti imathanso kumasuka ndi kugwagwa kuja mpaka chipolopolo cha 11 nkulowa, yesani magazini iliyonse nthawi ndi nthawi. Ndipo musaitanitse yaikulu kuti mudzatseke nokha kunyumba, mlandu umakhala wachitika kale tsiku lomwe phukusi lafika. Ku New Jersey kupezeka ndi magazini yopitirira 10 kutha kukulowetsani ndende mpaka miyezi 18 ndi faini yofika madola 10,000, ku Rhode Island zaka zimafika 5, ndipo kwa amene si nzika mlandu wa mfuti umakafika mpaka ku mapepala okhalira m'dzikomo.

Njira 4: Magazini aakulu, akale ololedwa kapena osungidwa kunja kwa steti

Iyi ndi ya anthu amene akufuna kupikisana mofanana ndi anzawo ku mipikisano ikuluikulu, ndipo ndi yomwe imasiyana kwambiri steti ndi steti moti zomwe mnzanu wa ku Baltimore ku Maryland akuchita poyera inu ku Newark ku New Jersey zikumangitsani.

Maryland imaletsa kugulitsa, kugula ndi kupatsana mkati mwa steti koma kukhala nayo sikoletsedwa, nchifukwa chake anthu a kumeneko amakagula ku masteti oyandikana monga Pennsylvania. Washington kuyambira Julayi 2022 inaletsa kugulitsa ndi kulowetsa, koma omwe munali nawo kale ndi anu ndipo mutha kutuluka nawo nkubwerera nawo omwewo. Colorado imalola omwe munali nawo Julayi 2013 isanafike bola sanachoke m'manja mwanu. Connecticut inauza anthu kuti akawalembetse pofika Januwale 2014. Illinois imalola akale pa malo anu, ku bwalo lowomberako ndi ku mipikisano. New York, New Jersey ndi Rhode Island za akale sazidziwa, yaikulu ndi yaikulu basi. California ndiye nkhani yaitali, kugulitsa kunaletsedwa mu 2000, ovota anawonjezera kuletsa kukhala nawo mu 2016, jaji Roger Benitez anagwetsa lamulolo kumapeto kwa Malichi 2019 ndipo kwa sabata imodzi anthu anagula ngati kulibe mawa chigamulocho chisanaimitsidwe, kenako mu Malichi 2025 khoti la apilo la Ninth Circuit linati lamulolo ndi lovomerezeka.

Ngati mwafika ku America posachedwa kapena mwayamba kumene masewerawa, zonse za akalezi sizikukhudzani, simungagule ukale. Chomwe chatsala, kupatula kwa a ku Maryland, ndi kusunga magazini aakulu kwa mnzanu kapena m'loka ku steti yopanda malire nkumakawatenga tsiku la mpikisano.

Mtengo: yodula kuposa zonse. Magazini mitundu iwiri, mafuta a galimoto, hotela, mwina lendi ya posungira.

Kupezeka: zimatengera mapu. Wa ku New Jersey Pennsylvania ili tsidya la mtsinje wa Delaware, wa ku Massachusetts New Hampshire ili pafupi, wa ku Los Angeles ayendetse maola anayi kapena asanu kukafika Las Vegas, wa ku Hawaii ayiwale.

Kusamalira: magazini omwe simuwaona miyezi itatu simukuwadziwa, ndipo vuto lalikulu lili m'mutu mwanu. Mwazolowera kuthyola siteji m'magawo a 8 ndi 10, chala chimakanikiza batani lotulutsira magazini chokha mukangonyamula phazi, ndiye tsiku la mpikisano waukulu mudzagwetsa magazini ili ndi zipolopolo 14 mkati chifukwa cha chizolowezi. Akale aja nawonso amakalamba, ndipo masteti ena monga California amaletsa zida zokonzeranso magazini aakulu, chikasweka chasweka.

Zoopsa: magazini imodzi yoiwalika pansi pa chikwama pobwerera kwanu yakwana. Pali lamulo la boma lalikulu la 1986 loteteza munthu wodutsa ndi mfuti yopanda zipolopolo yokhomeredwa m'buti, koma limateteza wongodutsa, osati amene wafika kwawo, ndipo ngati limakhudzanso magazini ndi nkhani yomwe maloya amakanganabe. Apandege, anthu amangidwapo pa mabwalo a ndege a New York ndi New Jersey pokalembetsa mfuti zomwe kwawo zinali zololedwa, ndiye sankhani ndege yosatera kumeneko. Khutulani chikwama chonse pa tebulo, werengani magazini imodzi imodzi musanalize galimoto.

Njira 5: Kusintha masewera

Si mpikisano uliwonse umadya zipolopolo 32. Steel Challenge ili ndi mbale zachitsulo zisanu pa siteji, mumawombera maulendo asanu nkutaya loipitsitsa, ndiye magazini ya 10 ikukupatsani zisanu zapadera ngati mwaphonya. Mpikisano wa Bullseye amawombera zisanu zisanu. Ya ku Olympics ya pistol yothamanga pa mamita 25 nayonso ndi zisanu zisanu. NRL22 ndi PRS, zowombera patali ndi mfuti zazitali, magazini yomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya 10 kale. Zowombera timbale touluka, trap ndi skeet, simulonga zopitirira ziwiri mu mfuti.

Mtengo: Ruger Mark IV kapena Ruger 10/22 ndi zipolopolo za .22 LR ndi khomo lotchipa kwambiri lolowera masewera owombera. PRS ndiye ayi, galasi lokha limatha kudula kuposa mfuti.

Kupezeka: mfuti ziwiri za Ruger zimenezi zimabwera ndi magazini ya 10 kuchokera ku fakitale olo ku Texas komwe.

Kusamalira: .22 imadetsa mfuti msanga, phula la pa zipolopolo limaunjikana m'magazini, muzitsuka pafupipafupi.

Zoopsa: pa magazini palibe, koma masteti omwewa ambiri alinso ndi malamulo oletsa mitundu ina ya mfuti zazitali, ndi nkhani ina yofunika kuiona payokha. Ndipo tinene zoona, ngati chomwe chinakukokani ndi kuthamanga ndi kukhota m'makona, kuima malo amodzi kudzakubowani. Mpikisano wa 3-Gun, wogwiritsa ntchito mitundu itatu ya mfuti, ndi umene malamulowa anaupweteka kwambiri poti masiteji ake amapangidwira magazini a 30 pa mfuti yaitali, wokonda umenewo njira 5 siimuthandiza.

Ndiye ndani atenge iti

Mwayamba kumene, muli ku steti ya 10, ndalama nzowerengeka: Steel Challenge ndi .22, kapena IDPA ndi pistol ya 9mm ndi magazini atatu a ku fakitale.

Mumakonda USPSA koma simutuluka steti yanu: njira 1, Carry Optics ndi magazini asanu ndi imodzi a 10, nonse muli pa lamulo limodzi, phunzirani kusintha magazini mukuyenda.

Mumayenda mipikisano ya kunja koma simukufuna kugunda mtima mukaona polisi pa msewu: njira 2, Single Stack minor kapena Limited 10, kapena Carry Optics ya IDPA ngati maso akufuna kadontho.

Muli ku Colorado, Illinois kapena Vermont komwe pistol ili pa 15: Production ya USPSA kapena SSP ya IDPA zikukukwanani ndendende kulikonse mungapite. Wa ku Delaware ndi 17 yake amamaliza siteji ya 32 atasintha kamodzi ngati saphonya kwambiri, ndiye Carry Optics atha kuilimba.

Mfuti yanu ilibe magazini a 10 a ku fakitale, kapena ndi AR-15 kapena PCC: njira 3, koma yotsekedwa ndi shopu isanafike m'manja mwanu, ndipo lisiti musunge.

Mukulimbirana nambala ku mpikisano wa dziko lonse mu divishoni ya Open, Limited Optics kapena 3-Gun: njira 4 yokha, ndipo ngati muli ku New York, New Jersey, Rhode Island kapena California magazini aakuluwo azigona tsidya lina la malire, lipirani loya wa steti yanu ola limodzi akuwerengereni lamulo la chaka chino musanagule yoyamba.